Mapamu a m'mbali mwa msewu wa panyumba akutha masamba, ndithandizeni

Gulu la osamala maluwa, mitengo ndi kapinga, Thyolo ndi Mulanje

Yohane (Thyolo):
Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndabwera ndi vuto limene likundisowetsa tulo. Panyumba pomwe ndimagwira ntchito, chakufupi ndi pa Boma, pali mapamu 12 a mtundu wa queen palm ondanda mbali zonse za msewu wochokera pageti mpaka pakhonde. Anadzalidwa ine ndisanalembedwe ntchito, pano apitirira denga. Chaka chatha masamba am'munsi anayamba madontho achikasu, ena ofiirira ngati khungu la nachesi, kunsonga n'kumauma ngati awauka ndi moto. Bwana amakhala ku Blantyre, amabwera Loweruka lokha, ndipo akangoona tsamba lachikasu amati lichoke tsiku lomwelo. Ndiye ndakhala ndikudula. Ndikadula awiri, pakapita milungu itatu ena awiri apamwamba pake ayambanso zomwezo. Lero ndawerenga, mtengo wina watsala ndi masamba 5, wina 4. Akuoneka ngati matsache ozondotsa. Thunthu nalo chakumtunda, pansi penipeni pa masamba, layamba kuwonda ngati khosi la botolo.

Feteleza ndimathira, sindimana ayi. Bwana amandipatsa yuriya ndi 23:21 wotsala kumunda kwawo, ndimamwaza pakapinga ponse mpaka patsinde pa mitengoyo. Kapinga ndiye wabiriwira mochititsa kaso. Mitengo ndiyo ikutha.

Palinso mapamu 4 a mtundu wina wotchedwa royal palm amene ndinadzala ndekha mu Januwale. Pano Febuluwale akutha, mvula sinadukepo, koma sanatulutse tsamba ngakhale limodzi. Dzulo bwana anena pafoni kuti mwina dzanja langa siligwirizana ndi mapamu. Ndili ndi ana atatu pasukulu, ntchitoyi sindikufuna indichoke.

Madalitso (Luchenza):
Achimwene musade nkhawa kwambiri. Ine ndimadulira mitengo m'nyumba zambiri kuno ndipo eni ake amafuna choncho, pamu wometedwa bwino, masamba ochepa oloza kumwamba. Chichitikireni cha namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anthu akuopa mphepo, amati mtengo wa masamba ambiri ndi umene umagwa. Anuwo mwina ndi chiswe. Takumbani pang'ono patsinde muone.

Yohane (Thyolo):
Chiswe ndafufuza kale achimwene, palibe. Ndagogodanso thunthu ndi mpini wa khasu, silikulira ngati lamphako.

A Likoswe (Chitakale):
A Yohane, ikani kaye chikwanje pansi. Musadulenso tsamba ngakhale limodzi mpaka timalize kukambirana.

Ndagwira m'madimba a maluwa a pa esiteti zaka zoposa 30 ndisanapume, ndipo chimene mukufotokozachi ndachiona kangapo. Pamu si mango, si peyala. Mango mukadula nthambi amaphukira pena. Pamu ali ndi mtima umodzi wokha, pamwamba pakati pa masamba, pomwe pamatulukira tsamba losongoka ngati mkondo lija. Moyo wonse wa mtengo uli pamenepo. Tsamba lakale likayamba chikasu silinafe ayi. Mtengo ukusamutsa chakudya chili m'menemo kupita nacho kumtima kuti tsamba latsopano lipeze chokulira. Inu mukalidula lisanaume mwagwetsa nkhokwe chimanga chili momwemo. Mtengo uchita chiyani? Utembenukira ku tsamba lotsatira n'kuyamba kuliyamwa, nalo lichita chikasu, inu mudulanso. Ndi chifukwa chake chikasu chikukwera kukutsatirani. Kuwonda kwa thunthuko ndi njala, mtengo wa masamba 4 sungadyetse thupi lalitali choncho.

Ife tinkaphunzitsa anyamata motere. Imani patali pang'ono moyang'ana mtengo, mutambasule manja ngati mtanda. Tsamba lililonse limene lili pamwamba pa mzere wa manja anuwo si lanu, musaligwire. Za pansi pa mzerewo mumachotsa lokhalo limene lauma gwa, la khaki kuyambira kuphesi mpaka kunsonga, lolendewera pathunthu. Likakhala ndi kobiriwira ngakhale pang'ono pamsana pake, lisiyeni.

Chifundo (Mulanje Boma):
Madala a Likoswe anena zoona. Ine ndionjezere za chimene chinayambitsa chikasucho, chifukwa kusiya kudula kokha sikukwanira. A Yohane, tengani tsamba limodzi mwa omwe munadula kale, mulinyamule moloza kudzuwa, mutiuze chomwe mukuona. Mutiuzenso ngati masamba atsopano apakati akutuluka obiriwira bwino kapena ayi.

Yohane (Thyolo):
Ndatola la Loweruka lapitali padzala. Ndikaliloza kudzuwa madontho aja akuwala, kuwala kukudutsa ngati pepala lodonthera mafuta a mandasi. Kunsonga kwa timasamba tating'onoto n'kouma, kopotana, ndikakufinya kukuthetheka. Chakuphesi kudakali kobiriwira. Atsopano apakati ndi obiriwira, koma ndi aafupi kusiyana ndi akale. Mtengo umodzi wokha wakufupi ndi galaja ndiwo ukutulutsa masamba odukaduka, ngati wina anawadula ndi sizasi asanatambasuke.

Chifundo (Mulanje Boma):
Zikomo, zamveka. Wa kugalajawo tiusiye kaye pambali, uli ndi nkhani yakeyake. Enawo akusowa mchere wa potaziyamu. Madontho owala podutsa dzuwa, kuyambira pa masamba akale, kunsonga kopserera, ndicho chizindikiro chake.

Onani pathumba la fetelezayo. Palembedwa 23:21:0+4S. Nambala yoyamba ndi nayitirojeni, yachiwiri fosifolasi, yachitatu potaziyamu. Yachitatuyo ndi 0. Yuriya naye ndi nayitirojeni yekhayekha, 46 pa 100. Ndiye kuti nthawi yonseyi mwakhala mukukakamiza mtengo kuti ukule msanga, koma mchere umene pamu amaufuna kwambiri simunaupatseko. Nayitirojeni akachuluka potaziyamu palibe, vutoli limakula m'malo mochepa. Kapinga amasangalala, pamu amalira. Onjezerani kuti dothi lathu lofiira la kuno, ndi mvula imene timalandirayi, potaziyamu ndi maginiziyamu amakokoloka kulowa pansi msanga. Komanso mukatchetcha kapinga n'kukataya udzu kudzala, mukadula masamba n'kukatentha, michere ikungotuluka pamalopo osabwerera.

Ngakhale wa chimanga watsopanoyu, 23:10:5+6S+1Zn, potaziyamu wake ndi wochepa kwa pamu. Funani potashi weniweni, feteleza wa potaziyamu, kwa ogulitsa zipangizo zaulimi, kaya wotchedwa SOP (sulphate of potash) kaya MOP (muriate of potash). Akasowa, D compound wa fodya uja, 8:18:15, angakuthandizeni pakadali pano kuposa zomwe mukuthirazo. Ine ndimathira manja awiri odzaza a potashi pamtengo waukulu, momwaza paliponse pomwe masamba ankafika mtengowo uli bwino, osati kuunjika patsinde. Kenaka ndimathirira ngati mvula sikugwa. Pang'onopang'ono koma kangapo, katatu pa nyengo ya mvula, chifukwa mukathira wambiri kamodzi mvula imutenga, wotsalayo awotcha mizu.

Musathire potashi yekha. Akachuluka yekha mtengo umayambanso kusowa maginiziyamu, ndipo mudzaona masamba akale achita chikasu m'mbali monse pakati pali pobiriwira. Pa manja awiri a potashi onjezerani theka la dzanja la Epsom salt, mchere wokhala ndi maginiziyamu. Ndipo yuriya asafikenso pamtunda wa mamita 4 kapena 5 kuchokera pamitengoyo. Kapinga wa pamenepo adya zomwe pamu akudya, safa.

Mayi Namakhwa (Bvumbwe):
Ine pa nazale panga potashi wogula sindimukwanitsa nthawi zonse. Ndimagwiritsa phulusa la kukhitchini ndi makungwa a nthochi oduladula, kuphimbira patsinde. Mapamu anga a golden cane amakhala obiriwira bwino. Kodi a Yohane sangayambe ndi zimenezi podikira kuti bwana wawo agule?

Chifundo (Mulanje Boma):
Angathe mayi, makamaka thunthu la nthochi ndi udzu wotchetcha pakapinga, aziphimbira nazo mozungulira koma zisagunde thunthu la pamu. Phulusa lili ndi potaziyamu ndithu, koma pa queen palm ndimaopa kulichulukitsa. Phulusa limachepetsa asidi m'dothi ngati laimu, ndipo dothi likafika posowa asidi mtengo umenewu umalephera kuyamwa mchere wina wotchedwa manganizi. Chitini chimodzi chaching'ono pamtengo, chomwaza mopyapyala, kamodzi kapena kawiri pachaka, chakwana.

A Likoswe (Chitakale):
Zimenezo ndinaziona ndi maso. Panyumba ina amisiri atamaliza kumanga mpanda anakwirira zotsala za simenti, laimu ndi zigumu za njerwa m'mbali mwa khoma, pamwamba n'kuthira dothi labwino. Tinadzalapo ma queen palm atatu osadziwa. Zaka ziwiri zoyamba anakula bwino. Mizu itafika pa zinyalala zija masamba atsopano anayamba kutuluka ang'onoang'ono, opiringizika, opserera ngati tsitsi lowauka. Akale anali obiriwira bwinobwino. Awiri anafa tisanazindikire. Ndiye kumbukirani kusiyana kwake, vuto likayambira pa masamba akale ndi lina, likayambira pa atsopano ndi linanso, ndipo la atsopanolo limapha msanga.

Madalitso (Luchenza):
Za feteleza ndamva ndipo ndaphunzirapo. Koma madala, za mphepo sindinakhutire. Ambulera yotambasula ndi yopinda, imene mphepo imatenga ndi iti? Makasitomala anga amandiitana mwezi wa Novembala mvula isanayambe kuti ndimete mapamu onse, ndipo palibe umene unagwa.

A Likoswe (Chitakale):
A Madalitso, funso lanu ndi labwino. Koma taganizani za mitengo imene munaiona itagona m'misewu nthawi ya Freddy. Yambiri inali bulugama, mikungudza ya m'mipanda, mitengo ya nthambi zolimba, kapena imene dothi linagumuka pansi pake. Pamu mphepo ikamuwomba masamba ake amapindikira mbali imodzi, mphepo n'kudutsa. Masamba akale olimba aja ndi amene amatchinjiriza ang'onoang'ono apakati pamodzi ndi mtima. Mukawachotsa, mphepo imafikira pa anthete. Kuti mitengo yanu sinagwe ndikuvomera. Koma pitani mukaione imene mwaimeta zaka zitatu zotsatizana, muyang'ane thunthu pansi pa masamba, mudzatiuze ngati silinawonde. Ndipo pomwe pawonda sipadzanenepanso. Pamu sakula m'mimba mwake chaka ndi chaka ngati mbawa. Khosi la botolo limenelo likhala pomwepo mpaka kalekale, ndipo tsiku lina pothyokera padzakhala pamenepo.

Chofunika kuchotsa mvula isanayambe ndi masamba ouma ndi mikoko ya zipatso. Queen palm amabala zipatso zambiri za chikasu, zikagwera pamsewu zimaterera ndi kuitana ntchentche. Mkoko mungaudule udakali maluwa, mtengo sudandaula.

Ndifunsenso, mumakwera bwanji?

Madalitso (Luchenza):
Ikatalika kuposa makwerero ndimatema timapondero pathunthu ndi chikwanje.

A Likoswe (Chitakale):
Chimenecho chokha ndikupempheni musiye. Bala la pamu silipola. Mango mukamutema amatseka bala ndi khungwa latsopano, pamu alibe mphamvu imeneyo. Pomwe mwatema lero mudzapapeza chomwecho zaka 20 zikubwerazi, madzi akulowapo, kuola kukuyambira pomwepo. Mangirirani macheka ku nsungwi yaitali, mudule muli pansi, kapena lumikizani makwerero wina akugwirireni. Tsamba lidulidwe ndi macheka pafupi ndi thunthu, osalikoka kapena kulisadzula. Ndipo pochoka pamtengo wina kupita pa wina, vikani macheka mu Jik, gawo limodzi pa magawo atatu a madzi, kwa mphindi 5. Matenda ena timawanyamula tokha ndi zida zathu.

Mayi Namakhwa (Bvumbwe):
Tibwerere ku mtengo wa kugalaja uja. A Yohane, masamba odukawo aduka mofanana mbali zonse ziwiri, ngati chilembo cha V? Ngati ndi choncho kwerani pa makwerero muyang'ane m'munsi mwa maphesi, pafupi ndi mtima. Mukapeza bowo lokwana chala chachikulu, pakhomo pake pali zotafunatafuna ngati zinyalala za nzimbe, ameneyo ndi chikumbu chakuda cha nyanga imodzi ngati chipembere. Chimaboola usiku kukadya masamba adakali opindidwa mkati, ndiye akatambasuka amaoneka ngati odulidwa ndi sizasi. Mundiuzenso, kuseri kwa galajako kuli chiyani?

Yohane (Thyolo):
Mayi mwalasa. Ndakwera, bowo lilipo, zotafuna zake zidakali zonyowa. Kuseri kwa galaja kuli mulu wa manyowa a ng'ombe umene unabwera chaka chatha, ndi chitsa cha pamu wina amene anafa kale, ndinangochigubuduzira kumeneko. Ndafukula ndi khasu pansi pa chitsacho. Muli mbozi zoyera zonenepa kuposa chala changa chachikulu, mitu yofiirira, zopindika ngati chibangili. Ndatola 17.

Mayi Namakhwa (Bvumbwe):
Ndi ana ake amenewo. Patsani nkhuku. Chitsacho muchiwaze ndi nkhwangwa, chiume, muchitenthe. Manyowa muwayale kapena muziwatembenuza pafupipafupi, asamangokhala mulu miyezi ndi miyezi, ndimo mmene chimaikira mazira. Kumtengoko tengani sipoko ya njinga, muipinde kunsonga ngati mbedza, mulowetse m'bowomo pang'onopang'ono, nthawi zambiri chimakhala chidakalimo masana. Musajomphe mwamphamvu chakumtima. Mukachitulutsa dzazani bowolo ndi mchenga wosalala, muthirenso wina m'makhwapa mwa maphesi apamwamba. Mchenga umalowa m'khosi mwa chikumbucho, sichikonda kubwererapo. Bowo losatseka limaitananso nankafumbwe wamkulu wa mapamu, amene mphutsi zake zimadya mkati mpaka mutu wonse kugwa, ndiye musachedwe.

Chifundo (Mulanje Boma):
Onjezerani apo kuti fungo la phesi lodulidwa lili laliwisi limakoka tizilombo timeneti. Ndi chifukwa chinanso chosadulira masamba amoyo.

Tsopano ma royal palm. Munadzala bwanji? Fotokozani zonse, dzenje, manyowa, kuya kwake.

Yohane (Thyolo):
Anabwera m'matumba akuluakulu, otalika kufika paphewa langa. Ndinakumba maenje ofika m'chiuno, pansi ndinathira manyowa wilibala imodzi, n'kuikamo mtengo. Poopa mphepo ndinawazamitsa, dothi linakwirira thunthu pafupifupi kuchoka pachikhatho kufika pachigongono. Ndinapondaponda bwino kuti asagwedezeke.

Chifundo (Mulanje Boma):
Vuto ndi limenelo. Mizu ya pamu yonse imatulukira pa kachigawo kamodzi ka patsinde, ndipo pamenepo pamafuna mpweya. Mukapakwirira mozama m'dothi lathu lomata, nthawi ya mvula ngati ino, mizu imabanika. Manyowa a pansi pa dzenje nawo akamaola amatitimira, mtengo n'kumatsikirabe, dzenje lija n'kusanduka mtsuko wosunga madzi. Mtengo uyenera kukhala pa msinkhu womwe unali m'thumba, dothi lingophimba pomwe mizu yathera kumtunda, osapitirira chala chimodzi kapena ziwiri. Dzenje likhale lotambalala kawiri kuposa thumba, koma kuya kofanana ndi thumbalo. Manyowa apite pamwamba.

Poti pangopita milungu 6 kapena 7, azuleni muwadzalenso sabata ino, dothi lidakali lofunda ndi lonyowa. Mukadikira mpaka chiperoni chiyambe mizu sidzaphuka msanga. Kumbani mozungulira motalikirako, munyamule ndi dothi lake lonse anthu awiri, mugwire kunsi. Musakokere pa gawo lobiriwira losalala la pansi pa masamba lija, mtima uli m'menemo, mukalipinda mtengo watha. Musanavutike yesani kukoka pang'ono tsamba la mkondo lapakati. Likalimba, mtengo uli moyo. Likasololoka lonunkha, umenewo wapita.

A Likoswe (Chitakale):
Za mphepo zomwe munkaopazo, njira yake ndi mphanda, osati kuzamitsa. Kulungani chiguduli pathunthu, pamwamba pake mumangirire timatabwa titatu tatifupi ndi chingwe kapena lamba, kenaka mapolo atatu otsamira akhomeredwe pa timatabwato. Msomali ulowe m'thabwa, usakhudze mtengo. Muzichotse pakatha miyezi 6 mpaka 8. Ndipo poti mukuwazula kale, yang'anani kumwamba. Royal palm amatha kupitirira mamita 20, ndipo tsamba lake likauma limagwa lokha lonse ndi chikhwatha chake, ndi lolemera moti lingaphwanye galasi la galimoto. Pansi pa mawaya a magetsi ayi, pomwe amaimika galimoto ayi. Mtengo wina ukafika pa mawaya amaudula mutu n'kuphukanso. Pamu kumudula mutu ndi kumupha. Ubwino wake ndi woti ameneyu simudzamudulira n'komwe, amadzivula yekha.

Yohane (Thyolo):
Umodzi ulidi pansi pa waya wolowa m'nyumba. Ndiusuntha. Mikondo ndakoka, itatu ndi yolimba, umodzi ukugwedera koma sunasololoke.

Koma akuluakulu, chondivuta chenicheni chatsala. Zonsezi ndamva. Nanga Loweruka bwana akatsika galimoto n'kuona masamba achikasu ali lendelende, ine ndinena chiyani? Iwo amaona ngati ndi ulesi. Ine wantchito ndingawauze bwanji kuti lamulo lawo ndi limene likupha mitengo?

Esnart (Likhubula):
Achimwene, ine ndinadutsamo m'zimenezi pamalo ogona alendo pomwe ndimagwira. Musayambe ndi mawu oti munalakwitsa. Palibe bwana amene amamva zimenezo kwa wantchito wake pamaso pa anthu. Dikirani apume, amwe tiyi, kenaka muwapemphe kuti akaone kanthu. Atengereni tsamba lija aliloze okha kudzuwa. Aonetseni 0 wa pathumba la feteleza. Aonetseni mbozi zija m'chitini, musapatse nkhuku zonse. Pomaliza aimikeni pansi pa mtengo wa masamba 4, aone khosi lija ndi maso awo. Munthu akaona yekha amayamba kufunsa, ndipo akafunsa ndi pomwe mumayankha.

Akakanabe, apempheni mbali imodzi yokha ya msewu, mitengo 6, muisamale mmene tanenera muno, inayo apitirize mmene akufunira. Muzijambula pafoni tsiku loyamba la mwezi uliwonse mutaima pamalo amodzimodzi. Koma muwauziretu chilungamo kuti si za mwezi umodzi, angadzati munawanamiza.

Chifundo (Mulanje Boma):
Mfundo yomalizayo ndi yofunika kwambiri. Tsamba limene lachita kale madontho silidzabiriwiranso ngakhale muthire potashi wochuluka bwanji. Chimene mukuyembekezera ndi masamba atsopano otuluka athanzi, n'kukhalitsa osachita chikasu, mpaka mutu wonse utasinthika. Pa mitengo yofooka ngati yanuyo ndi chaka chathunthu, mwina ziwiri. Miyezi ya Juni ndi Julaye kukazizira idzakhala ngati yaima, musadzataye mtima. Poyamba idzaoneka yonyansa kuposa pano chifukwa achikasu aja adzakhala ali pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chomwe mungachite kuti bwana asawawidwe mtima ndi kudula kunsonga kouma kokhako pa masamba ofikirika, gawo lamoyo n'kulisiya.

Madalitso (Luchenza):
Nanga Lamulungu la Kanjedza likubwerali? Achinyamata a kutchalitchi amayenda m'manyumba kupempha masamba, ndipo mabwana ambiri sakana.

Esnart (Likhubula):
Pa odwalawo asachotsepo ngakhale limodzi. Ngati pali phata la golden cane apatseniko pamenepo, limodzi apa limodzi apo, chifukwa iye amaphuka mitengo yambiri pa phata limodzi. Apo ayi kanjedza weniweni wa m'mbali mwa mitsinje, naye amaphukira m'munsi. Koma kanjedza ali ndi minga yaitali kuphesi, valani magolovesi ndipo samalani maso. Mnzanga wina inamubaya pa mfundo ya chala, kansonga kanathyokera momwemo, chala chinatupa mwezi wathunthu mpaka anakachitumbula kuchipatala.

Ndinenenso ichi poti tili pa mapamu. Kukubwera anthu ogulitsa timitengo tokumba m'phiri muno, amati ndi mapamu a ku Mulanje. Si mapamu, ndi cycad wa kuno, chomera chongofanana ndi pamu, dzina lake Encephalartos gratus, ndipo ndi wotetezedwa. Wamkulu wokumba m'tchire nthawi zambiri amakafera m'dimba. Bwana wanu akafuna, mupezereni wofesa pa nazale.

Mayi Namakhwa (Bvumbwe):
Zoona achemwali, kwa ine anabweranso nawo awiri m'thumba, ndinawabweza.

Yohane (Thyolo):
Akuluakulu, ndabweranso patapita milungu isanu kuti ndikuuzeni mmene zayendera.

Ndinachita monga ananenera achemwali a Esnart. Bwana anayang'ana tsamba lija kudzuwa nthawi yaitali osayankhula. Pa thumba la feteleza anafunsa kawiri kuti 0 ameneyu akutanthauza chiyani. Sanavomere mbali imodzi, anati yonse 12 ndisiye kudula, koma mitengo iwiri ya pakhonde penipeni ndizichotsako nsonga zouma alendo akamabwera. Loweruka lotsatira anabweretsa SOP wa makilogalamu 10 kuchokera ku Limbe ndi mapaketi a Epsom salt. Ndathira kamodzi, ndaphimbira ndi udzu wa pakapinga ndi thunthu la nthochi.

Chikumbu ndinachitulutsa ndi sipoko, chinali chimodzi, chachikulu ngati chala chachikulu cha kuphazi, chamoyo. Bowo ndinatseka ndi mchenga. Chitsa ndinatentha, m'manyowa ndinapezamo mbozi zina 9.

Ma royal palm tinawazula ndi mlonda. Pansi pa maenje panali madzi onunkha, manyowa atasanduka phala lakuda. Mizu ina inali yofewa yabulauni, ndinaichotsa, koma yoyera inalipo. Ndinalemba mzere ndi makala pa mkondo ndi pa phesi loyandikana nalo kuti ndizidziwa ngati ukukwera. Pa mitengo itatu mizere yasiyana ndi zala ziwiri. Wachinayi, wogwedera uja, mkondo unasololoka sabata yatha, kunsi kwake kowola. Ndawauza bwana mmene zinalili, kuti ndinazamitsa ndine, ndipo anati tigule wina.

Funso langa tsopano ndi ili. Mvula yayamba kudukiza. Potashi wachiwiri ndithire pano kapena ndidikire Novembala? Nanga wolowa m'malo mwa wakufayo ndingamudzale pa dzenje lomwelo?

Chifundo (Mulanje Boma):
Thirani kachiwiri mwezi uno dothi lidakali ndi chinyezi, theka la muyeso woyamba, muthirire ndi paipi. Kenaka musiye mpaka mvula yoyamba. M'chilimwe muzithirira mokwanira kamodzi pa sabata, madzi alowe pansi, osati kungowaza pamwamba tsiku ndi tsiku. Tsamba likauma lokha lonse muzilichotsa ndi macheka, ndipo muzilemba kuti mtengo uliwonse uli ndi masamba angati mwezi ndi mwezi.

A Likoswe (Chitakale):
Dzenje lomwelo lingatheke poti chinamupha ndi madzi, osati bowa wa patsinde. Koma fukulani phala lonse lija, dzenje likhale lotsegula liwombedwe dzuwa, mudzabwezeremo dothi lapamwamba n'kupanga kachulu pang'ono kuti madzi azitsetsereka. Kudzala dikirani Novembala kapena Disembala. Mukanakhala kuti munaona chibowa cholimba ngati mbale chitamera patsinde, ndikanati pamalopo pasadzalidwenso pamu wina aliyense.

Mayi Namakhwa (Bvumbwe):
Ndili nawo ma royal palm ofika m'chiuno, pofika Novembala adzakhala atakula bwino. Ndikusungirani umodzi a Yohane. Mukamabwera mudzatenge chiguduli chonyowa chokulungira masamba, pa kabaza mphepo imawawotcha.

Madalitso (Luchenza):
Madala a Likoswe, dzulo ndinadutsa panyumba ina imene ndakhala ndikumeta chiyambire 2023. Makosi awonda onse asanu, ndipo pa timapondero tanga tiwiri pakutuluka madzi akuda. Nsungwi ndadula kale, yautali mamita 5. Macheka ake mumamangirira ndi waya kapena ndi mphira wa chubu?